Mpando wa kutsogolo pa sewero la mlamu wanga

Ndinafika ku Karonga ndi sutukesi imodzi, ndikuchokera kwathu ku Dowa, nditangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi. Kutentha kwa kuno kunandilandira pa depoti ngati ndinakulakwira, ndipo ndinalumbira kuti pakatha zaka ziwiri ndipempha kuti andisamutse. Zaka ziwirizo zisanathe ndinali nditakwatiwa. Musandifunse mmene zinakhalira, inenso sindidziwa.

Banja limene ndinakwatiwako ndi la Ankhonde a kumpoto kwa boma, cha kunjira ya ku Songwe, ndipo ndi limodzi mwa mabanja amene amagwirabe mwambo wakale wa pakati pa mkamwana ndi apongozi ake aamuna. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, saonana nawo maso ndi maso. Sakhala nawo m'chipinda chimodzi, sawapatsira madzi, sawapatsa moni pamaso. Ukawaona akubwera panjira umapatukira m'nthochi, ndipo ngati palibe kothawira umagwada n'kufunda chitenje kumutu mpaka adutse. Mabanja ambiri anazisiya zimenezi, ena anangozifewetsa. Kumene ndinakwatiwa ine ayi. Ukalakwitsa ndi mlandu, ndipo mlandu wake ndi wa ng'ombe.

Poyamba zinkandikwiyitsa. Ine mphunzitsi wathunthu, wolamula kalasi ya ana ochuluka ngati nyerere, kumabisala kuseri kwa nthochi ngati ndaba nkhuku! Koma kwa eni kulibe mkuwe. Komanso panali azakhali a amuna anga, mlongo wawo wa apongozi, amene ananena poyera tsiku la ukwati kuti Mchewa wa sukulu sangathe mwambo, adzalichititsa manyazi banja chaka chisanathe. Mawu amenewo ndinawasunga. Ndinathawa apongozi anga zaka khumi ndi chimodzi popanda kuphonya ngakhale kamodzi, ndipo ndinkanyadira zimenezi kuposa satifiketi yanga. Ndinkadziwa chifuwa chawo, kugunda kwa ndodo yawo, ndi chipewa chawo chikamaonekera patali. Nkhope yawo sindinkaidziwa. Pamudzi paja ulemu wanga wonse unali pa chinthu chimodzi chimenechi.

Tsopano ndinene za mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, chitsirizira m'banjamo. Uyu anapita ku Mbeya kukaphunzira umakaniko n'kubwerako ndi gitala ya magetsi. Ankaimba nyimbo zimene ankazitcha za roko. Ine tsiku loyamba kumumva ndinaganiza kuti kuseri kwa nyumba akupha nkhumba. Tsitsi analipota, zovala zakuda zokhazokha pa dzuwa la ku Karonga, nsapato zazitali ngati msilikali wa ku Chilumba. Ankaimba m'mabala a ku Songwe, kwa madalaivala a malole ndi anyamata othandiza anthu kudutsitsa katundu pachipata cha m'malire, ndipo kumeneko ankamukonda kwambiri. Bambo ake anangomumva kamodzi, ali patali, n'kunena kuti ng'ombe zawo zimaimba bwino. Kuyambira pamenepo nkhani ya gitala sinkatchulidwa pamudzi. Ine ndinkamukonda mlamu wangayo, ngakhale ndinkamuuza kawirikawiri kuti mutu wake uli ndi mbali imodzi yokha yogwira ntchito. Iye ankanditcha shemeji, monga amanenera a ku Tanzania.

Tsiku lina anabwera kwathu masana, thukuta lili kamukamu, atanyamula makope atatu a ana a sukulu.

"Shemeji, ndalemba sewero."

"Iwe?"

"Ine nadi. Koma si sewero wamba yayi. Ndi loimba. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza palibe munthu wolankhula. Akakwiya aimba, akamafunsira mkazi aimba, akamafa aimba."

Amuna anga anaika kapu ya tiyi pansi n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamufunsa mofatsa ngati wayamba kusuta.

Nkhaniyi itamveka m'tauni, palibe amene anakondwa. Anzake a ku Songwe anati mnyamata wafooka, mawa timva kuti walowa kwaya. Amayi a kumpingo kwathu anati Satana akakanika kulowera pakhomo amalowera pawindo. Anyamata ochita zisudzo pa msika, aja amavala mimba za nsanza n'kumagwetsana, anati sewero lopanda nthabwala ndi maliro. Mnzanga wina wa ku Zomba, namwino, anandifunsa ngati n'zoona kuti munthu akafuna kupempha mchere aziyamba wakonza pakhosi. Aliyense ankaseka, koma aliyense ankafunsanso tsiku lake.

Chimene anabwerera kwa ine n'chakuti ankafuna mayi woimba mbali yaikulu, ndipo ine ndimatsogolera nyimbo m'kwaya ya kumpingo. Seweroli linali la mlimi wa mpunga wa ku Wovwe. Mwamuna wake anapita kukachita malonda kutsidya kwa Songwe, osabwerako, ndipo iye anatsala akulimbana ndi mbalame, ndi anthu omubera madzi mumfuleni, ndi alamu ofuna kumulanda munda. Ndinawerenga makopewo ndikufuna kupeza poti ndimusekere. Sindinapapeze. Munali nyimbo imodzi ya mayiyo akuingitsa mbalame, akuzifunsa ngati pouluka zinamuonako mwamuna wake, ndipo nditaiwerenga ndinapita kukhitchini kukachita ngati ndili ndi ntchito.

Ndinamufunsa funso limodzi lokha, la apongozi anga aamuna. "Tata abwera?"

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Tata? Shemeji, ngakhale ndikaimbire pachipata cha kumwamba, tata adzazungulira n'kulowera kuseri."

Amuna anga nawonso anavomereza kuti zimenezo n'zosatheka. Apongozi sankabwera kutauni pokhapokha kuchipatala kapena kumaliro. Ndiye ndinavomera. Tinaphunzira miyezi iwiri, madzulo aliwonse ndikaweruka, m'kalasi yanga yomwe. Mlamu wanga ndinamuona mwatsopano. Munthu amene sankatha kusunga ngakhale nthawi ya chakudya ankafika woyamba, n'kutibwereza mzere umodzi kakhumi mpaka utakhala. Gitala ija imene ndinkati ndi nkhumba inkathanso kulira mofatsa. Anandiphunzitsa chinthu chimodzi: ndikatuluka pasiteji ndisayang'ane anthu, ndiyang'ane khoma la kumbuyo kwa holo, mantha sandigwira.

Tsikulo linali Loweruka, nthawi ya 2 koloko masana, mu holo ya sukulu ina ya sekondale. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, choncho amuna anga anakhala panja kuseri akuyang'anira jenereta. Ndinasuzumira pakatani anthu akulowa. Holo inadzaza mpaka m'mawindo. Kumbuyo kunali madalaivala ndi anyamata a ku Songwe, zipewa zili pamphumi. Pakati panali aphunzitsi, anamwino ndi apolisi, ambiri a iwo obwera ngati ine. Mbali ya kumanzere inali ya amayi a m'mipingo, amene anabwera kudzaona tchimo ndi maso awo, ndipo pakati pawo ndinaona duku la azakhali. Kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi siteji moti munthu akhoza kuigwira, anaikapo mpando waukulu wa khushoni wochokera mu ofesi ya ahedi. Unali wa mlendo wolemekezeka wa ku boma, amene monga mwa nthawi zonse anatumiza uthenga woti watanganidwa. Mpandowo unali wopanda munthu pamene ndinkabwerera kuseri.

Gawo loyamba ine munalibe. Munali amuna awiri akukangana pa mfuleni, wina akuti mnzake watsegula madzi tsiku losakhala lake. Katani itatseguka, woyamba anakweza khasu n'kuyamba kuimba. Mnzake anamuyankha poimbanso. Mu holo munangoti zii. Anthu ankadikira kuti nyimbo ithe sewero liyambe. Itatha, inayamba ina.

"Kodi akukangana kapena akupemphera?" anafunsa bambo wina mokweza.

"Tangomumenya, iwe! Khasu uli nalo!" anakuwa wina kumbuyo.

Holo yonse inaseka. Madalaivala anayamba kuimba mluzu, akuti sanabwerere kwaya, akufuna moto. Ndipo moto anaupeza. Pamene amuna awiri aja anagwirana, mlamu wanga anaponda kachipangizo kake kapansi, gitala n'kubangula. Ndinamva mabenchi akukwekwereka. Khanda lina linalira. Mayi wina anakuwa kuti "Yesu wanga!" ndipo mnzanga amene ankasuzumira anandiuza kuti amayi a kumanzere agwira m'makutu onse, koma palibe watuluka. Kenako gitala inatsika mwadzidzidzi, yemwe anagwetsedwa uja n'kuimba chapansipansi za ana ake amene adzagona ndi njala mpunga ukauma. Oseka aja anasiya pakati. Anthu sankadziwa chochita ndi nkhope zawo.

Nthawi imeneyo ndinamva kaphokoso kena, anthu akusuntha miyendo, manong'onong'o akuyenda kuchokera kukhomo kupita kutsogolo. Ndinaganiza kuti bwana wa ku boma uja wasintha maganizo. Chakudza sichiimba ng'oma. Amene ankalandira alendo pakhomo anali kalaliki wina wochokera ku Mulanje, munthu waulemu kwambiri, amene anali asanathe chaka ku Karonga. Anaona mkulu wa imvi, wa jekete ndi ndodo, atatsika pa njinga yamoto. Atamva kuti ndi bambo ake a mwini sewero, anachita zimene aliyense woleredwa bwino akanachita. Anawagwira dzanja, n'kuwadutsitsa pakati pa anthu, n'kukawakhazika pa mpando wa khushoni uja.

Ine ndinatuluka monga anandiphunzitsira. Chitenje ndinamanga m'chiuno zolimba ngati wopita kumunda, kumutu kopanda kanthu, m'manja chitini cha miyala choingitsira mbalame. Maso anga anali pa khoma la kumbuyo. Ndinagwedeza chitini, ndinayenda mpaka m'mphepete mwenimweni mwa siteji, n'kutsegula pakamwa. Mzere woyamba unatuluka bwino kuposa masiku onse.

Ndiye ndinamva mawu amene sindidzawaiwala. Sanali kukuwa. Anali ngati amayi ambiri akokera mpweya m'kati nthawi imodzi. Ndinatsitsa maso kuti ndione chachitika n'chiyani.

Anali pomwepo. Ndikanatambasula dzanja ndikanagwira chipewa chimene anachiika pabondo. Anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Chimene chinandibaya si mantha poyamba ayi. Ndinaona nkhope ya mwana wanga woyamba itakalamba: mphumi yomweyo, makutu omwewo oima, kakhwinya komweko pakati pa maso. Zaka zonsezi anthu ankandiuza kuti mwanayo anatengera agogo ake, ine n'kumangovomera ngati wakhungu akamuuza za mtundu wa nsalu. Kenako mantha anafika, ndipo anafika onse. Chitini chinagwa, miyala n'kumwazika pasiteji.

"Kyala!" Awo anali azakhali, akuitana Mulungu m'Chinkhonde, ataimirira, manja ali kumutu.

Amayi a Chinkhonde anayamba kufunda zitenje kumutu, mmodzimmodzi, ngati kuti iwo ndiwo alakwa. Ena anatembenukira kukhoma. Amuna achikulire anaweramitsa mitu. Koma anzanga obwera aja sanadziwe kanthu. Ankaganiza kuti ndi mmene sewero lilili, ndipo wapolisi wina anaomba m'manja n'kunena kuti mayiyu amatha, taonani mmene akunjenjemerera. Dalaivala wina anafunsa mnzake mokweza chifukwa chake amayi akubisala, mnzakeyo n'kumutseka pakamwa ndi chipewa. Gitala inalira kawiri mosokonekera n'kusiya. Ndinacheuka kuyang'ana mlamu wanga. Nkhope yake inandiuza zonse. Sanadabwe kuti bambo ake abwera. Anadabwa kuti anaiwala za ine.

Ndinangoti kakasi. Ndikanathawa, sewero likanafera pomwepo, pamaso pa bambo amene mnyamatayo ankafuna kuti amumve kwa zaka zambiri. Ndikanapitiriza, ndiye kuti ndikuimirira pamwamba pa apongozi anga, mutu uli pamtunda, n'kumawaimbira m'maso. Ngakhale chofunda ndinalibe, chitenje chinali chomangidwa mfundo ziwiri. Ndipo kuthawa kapena kusathawa, chinthu chinali chitachitika kale. Zaka khumi ndi chimodzi za m'nthochi zinathera pa mzere umodzi wa nyimbo. Ndinamva mawu a azakhali a tsiku la ukwati ngati akuwanena kumene.

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono. Aliyense anadziwa kuti akutuluka, ndipo anthu a m'kanjira anayamba kale kupinda miyendo kuti adutse. Koma iwo anatsamiritsa ndodo pasiteji, anagwira mpando uja m'mbali zonse ziwiri, n'kuyamba kuukoka. Unali wolemera. Kalaliki uja anathamanga kuti awathandize, iwo anamukaniza ndi chigongono. Anauzunguza okha, ukulira pasimenti, mpaka unafulatira siteji. Anatenga ndodo yawo, anakhala pansi atayang'ana anthu, n'kukweza dzanja limodzi osacheuka. Ananena mawu awiri atatu m'Chinkhonde. Tanthauzo lake linali lakuti: tiyeni, ndabwera kudzamva.

Palibe amene anapuma. Ine ndinawerama n'kutola chitini chopanda miyala. Mlamu wanga anayambanso nyimbo. Ndinaimba. Mawu anga poyamba anali ngati a mwana wodwala malungo, koma anabwerera.

Sewero linatenga ola limodzi ndi theka, ndipo sindinaonepo anthu a ku Karonga atakhala chete motero, ngakhale m'tchalitchi. Angachite bwanji phokoso mkulu atawayang'ana m'maso? Madalaivala anavula zipewa. Yemwe ankati amumenye uja anapinda manja ngati mwana wa Sande sukulu. Amayi anayamba kutsitsa zitenje pang'onopang'ono, diso limodzi, kenako onse awiri. Gitala inkabangula pamene iyenera kubangula, ndipo palibe anagwiranso m'makutu. Ine khoma la kumbuyo ndinaliiwala. Ndinkaona nkhongo ya apongozi anga, imvi zometedwa bwino, ndi kolala ya jekete yothethekera m'mphepete.

Titafika pa nyimbo ya mbalame ija kachiwiri, pamene mayiyo wamva kuti mwamuna wake anamwalira kalekale kutsidya ndipo anaikidwa ndi anthu osamudziwa, ndinaona chinthu chachilendo. Anthu sankandiyang'ananso. Maso onse anali pa mpando uja. Ena anayasama, ena anagwetsa nkhope pansi msangamsanga ngati aona chosayenera kuona. Azakhali, amene anali atakhalanso pansi, anagwira pakamwa. Ndinaganiza kuti apongozi akwiya kwambiri, nkhope yawo ikuopsa anthu. Komabe ndinamaliza nyimboyo.

Sewero litatha palibe anaomba m'manja. Onse ankadikira mkulu. Iwo anavala chipewa, anadzuka, n'kutulukira khomo la m'mbali osatembenuka. Njinga yamoto italira panja, m'pamene holo inaphulika. Ena ankaomba m'manja, ena ankakangana. Wina ankati zoterezi sizinachitikepo, munthu kufa akuimba koma iwe n'kumva chisoni chenicheni. Wina ankati mnyamatayu ndi mfiti. Anyamata a ku Songwe anamunyamula mlamu wanga m'mwamba. Koma amayi ankadutsa pafupi nane osandiyang'ana, ndipo amuna anga, amene anamva zonse ali ku jenereta nkhani itatha kale, anafika nkhope ili yotuwa ngati phulusa.

Mlamu wanga ndinamupeza kuseri akukulunga mawaya. Sindinasamale kuti pali anthu.

"Unadziwa."

"Shemeji, pole, pepani. Ndinapita kawiri kukawapempha. Sanandiyankhe kanthu. Njinga ndinangotumiza mwamwayi, sindinkaganiza kuti akwera."

"Ndinakufunsa funso limodzi. Limodzi!"

"Ndinkangoganiza zoti andimve. Za inu sizinandibwerere n'komwe. Mlandu ndi wanga, ndikanena."

"Ukanena kwa ndani? Amene anaima pamaso pawo ndiwe? Iwe mawa ubwerera ku mabala ako. Ine ndikalowa bwanji pamudzi paja?"

Ndinamuuzanso zina zimene sindingazilembe pano, ndipo sindinong'oneza bondo ngakhale limodzi mwa mawuwo.

Uthenga unabwera Lachitatu kuti tikaonekere kumudzi Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Masiku amenewo sindinadye bwino. Ndinkaphunzitsa ana kuchotsera ndi kuphatikiza mutu uli kwina. Amuna anga ankandilimbitsa mtima ndi mawu amene iwo eni sankawakhulupirira. Chimene ndinkaopa si ng'ombe. Ndinkaopa kubwezedwa ku Dowa kuti akandilangize, mayi wa ana atatu, ndi kubwerako ndili munthu amene aliyense pamudzi akumudziwa kuti analephera.

Lamlungulo akuluakulu a banja anakhala pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba yaikulu. Ine anandiika m'khitchini, monga mwa mwambo, kuti ndizimva koma ndisaoneke. Khoma lake ndi la bango lomata, mawu ankalowa onse. Apongozi aakazi anakhala nane akusenda nthochi zaziwisi zophikira mbalagha.

Azakhali ndiwo anayamba, ndipo anakonzekera. Analankhula Chinkhonde, chimene pofika nthawiyo ndinkachimva bwino. Anati iwo ananena kalekale. Anati mkamwana anaima pamwamba, mutu uli pamtunda, n'kuyang'ana apongozi ake m'maso pamaso pa tauni yonse, ndipo m'malo mothawa anapitiriza kuimba ngati wa m'bala. Anati mboni ndi holo yathunthu. Anatchula ng'ombe, anatchulanso Dowa. Mlamu wanga anayesa kulowererapo, anamuuza kuti akhale chete, nkhani yake ibwera. Amuna anga anayamba bwino, koma anakodwa pakati n'kumangobwereza kuti sizinali dala.

Kenako ndinamva chifuwa chija.

"Mwatha?" anafunsa apongozi. "Mlongo wanga, ukuti anthu anaona. Chabwino. Koma mwambo uwu ndi wa maso a anthu kapena ndi wa maso anga?"

"Ndi wa maso anu," anayankha azakhali.

"Ine ndinakhala kutsogolo kuposa nonsenu. Ndinaona madalaivala. Ndinaona apolisi. Ndinakuona iwe, kukamwa kuli yasa ngati ukudikira mankhwala. Mkamwana wanga sindinamuone."

"Achimwene, holo yonse..."

"Holo yonse ikakwatire mwana wanga, ndiye idzakhale ndi mlandu. Ine ndikuti sindinamuone. Alipo pano amene analowa m'maso mwanga?"

Ine m'khitchini muja ndinagwira pachifuwa. Linali bodza, ndipo padziko lonse anthu amene ankalidziwa bwino bodzalo tinali awiri. Tinayang'anana, nthawi yokwanira kuti ine ndiwerenge makwinya a pamphumi pawo. Mkulu wa mpingo, munthu amene ana ake ankati sananamepo, ankanama pamaso pa banja lake lonse chifukwa cha ine.

Ndinkaganiza kuti athera pomwepo, koma anapitiriza, mawu atatsika.

"Koma kumbuyo kwanga kunali munthu wina amene ankaimba. Sindikumudziwa. Ameneyo ndiye ndili naye mlandu. Ine ndinaika bambo anga m'manda osagwetsa msozi. Ndinaika ana anga awiri, anthu sanaone kanthu pankhope panga. Tsiku lija ndinakhala moyang'ana tauni yonse, ndipo munthu ameneyo anandiliza ngati mwana. Ndinalibe kobisala. Kutembenuka sindikanatha. Nonse munandiona, ndipo palibe mwa inu walimba mtima kunena."

Apongozi aakazi anasiya kusenda nthochi. Anandiyang'ana n'kugwedeza mutu pang'ono, kuvomereza kuti ndi zoona, anamva kwa amayi anzawo. Apo m'pamene ndinadziwa chimene anthu aja ankayang'ana. Mlungu wathunthu tauni yonse inkadziwa, amuna anga ankadziwa, koma ndani akanauza mkamwana kuti apongozi ake analira pagulu? Manyazi amene anali anga anawasenza iwo, ola lathunthu ndi theka, nkhope ili poyera.

"Mukamupeza woimbayo," anatero, "mumuuze kuti ndagha, zikomo kwambiri. Ndipo iwe wa gitala, ng'ombe imene azakhali ako akuifuna ukaigule ndiwe, chifukwa unaitana bambo ako osaganiza za mlamu wako. Tidzadya tonse. Nkhani yatha."

Ndinaluma chitenje kuti asandimve. Ndinkafuna kutuluka, kuthamanga, kukagwada pamapazi pawo n'kuwauza ndi pakamwa panga kuti zikomo, tata. M'banja lonse lija munthu amene anandimvetsa anali yekhayo amene sindikanatha kulankhula naye, ndipo kutuluka kukanawononga zonse zimene anali atangondikonzera. Zinandipweteka kwambiri, ndipo zimandipwetekabe.

Anthu anayamba kubalalika. Ndinamva ndodo ikugunda pansi, ikubwera cha kukhitchini, panjira yopita kukhola. Itafika pafupi ndi khomo inaima pang'ono. Apongozi anakhosomola kamodzi, monga ankachitira nthawi zonse pondichenjeza kuti akudutsa. Ndinapukuta m'maso, ndinafunda chitenje kumutu, n'kutembenukira kukhoma mpaka anadutsa.